Mpando Wopinda wa Aphunzitsi a ku Amereka

Chinali chaka cha 1968, ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, pamene mpando wopinda unafika pakhomo pathu. Miyendo yake inali yachitsulo, pokhalira ndi potsamira panali chinsalu chobiriwira, chokhuthala ngati cha tenti. Poutambasula unkalira ngati mwanapiye. Unabwera utamangidwa ndi mphira kumbuyo kwa njinga, mvula ili pakati, ndipo mwini wake anali aphunzitsi athu a masamu ndi Chingerezi, mzungu wa ku Amereka. Mpandowo ndili nawo mpaka lero. Chinsalu ndasintha kangapo. Zitsulo ndi zomwe zija.

Mudzi wathu uli cha ku Nambuma, kutsidya kwa dambo ukamachokera ku mishoni. Unali mudzi wa amayi. Izi ndizinene bwino, chifukwa ana a masiku ano amazimva mwatheka. Munda unali wa amayi. Ife ana tinali a mtundu wa amayi. Wotiyang'anira tonse anali mlongo wawo wamkulu wa amayi, atsibweni athu. Ndiwo ankatigulira yunifolomu, ndiwo ankatitengera kuchipatala pa ngolo, ndiwo ankanena kuti mwana uyu apite uku, uyu akhale. Anali ndi ng'ombe, ngolo ndi chigafa cha fodya wachikopa, uja woumitsa ndi utsi. Kusukulu sanapiteko, koma sanali munthu wopusa, ndipo sindinawamvepo akukweza mawu.

Bambo anali mkamwini, munthu wodzakwatira pamudzi pa eni. Kwawo kunali ku Mulanje. Anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ina cha ku Kasiya, anawaona amayi kutchalitchi, basi n'kukhala. M'mawa ankalima fodya wa atsibweni. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumakhoma ndowa ndi zidebe, kumata mapoto obooka, kukonza njinga. Pamudzipo anali atakhalapo zaka zoposa zanga, komabe pa maliro kapena pa mlandu malo awo anali kumbuyo. Akalankhula, anthu ankadikira mwaulemu kuti amalize, kenako n'kupitiriza nkhani pamene inalekezera.

Aphunzitsi aja anafika chaka cham'mbuyo mwake. Ife tinkawaona ngati munthu wamkulu. Lero ndikaganiza ndimapeza kuti anali mnyamata chabe, wamng'ono kuposa mdzukulu wanga woyamba. Anali munthu wamtali, wowonda, wa mphuno yosupuka ndi dzuwa chaka chonse. M'kalasi sankagwira chikoti. Wochita phokoso ankangomuyang'ana mwachisoni, ndipo ife tinkawapeputsa chifukwa cha zimenezo. Sindikuvomereza kaphunzitsidwe kotero ngakhale lero. Koma masamu ankawafotokoza mpaka amveke, ndi nyemba, ndi timitengo, nthawi zina ndi mithunzi yathu yomwe pabwalo.

Anawapatsa kanyumba ka malata kuseri kwa sukulu. Anawapezeranso khukhi wowaphikira, koma iwo anamukana. Madzi ankatunga okha pachitsime, amayi a m'mudzi akuwalanda ndowa, iwo n'kumakaniza. Loweruka ankachapa okha n'kuyanika zovala zonse pampanda, ndi zam'kati zomwe, anthu opita kumsika akuona. Ankaphika pa pulayimasi, mpunga ndi mazira tsiku ndi tsiku, mpaka nyumba yonse inkanunkha palafini. M'mawa kusanatenthe ankathamanga kuzungulira dambo popanda chowathamangitsa. Masiku oyamba ana ndi agalu tinkawatsatira. Kenako tinatopa, n'kuwasiya azithamanga okha.

Anzawo analibe. Izi sindinazione pa nthawiyo, chifukwa ndinkayesa mzungu sasungulumwa. Ansembe ankawaitana kudzadya Lamulungu, koma anali okalamba ndipo pakati pawo ankalankhula chinenero china. Aphunzitsi anzawo akawaona akulowa mu ofesi ankadzuka, nthabwala n'kuthera pomwepo. Azungu a m'maesiteti anawaitana kamodzi kumowa wawo, iwo anapita, ndipo sanabwererekonso. Madzulo tikamachokera kodyetsa mbuzi tinkawaona pakhonde, ali pampando wobiriwira uja, akupotokola wayilesi yongochita phokoso, kapena akungoyang'ana nkhuku za eni.

Kwathu anafikako chifukwa cha pulayimasi. Inkadontha palafini pambali, ndipo wina anawalozera kwa bambo. Bambo anaitembenuza, anainunkhiza, kenako osayang'ana n'komwe nkhope ya mlendo anati, "Gwirani apa. Ayi, osati choncho. Molimba." Aphunzitsi anagwira. Mtovu wotentha unawadonthera pachala, iwo anatukwana m'chinenero chawo, bambo n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndikhulupirira kuti chifikireni m'dziko muno panalibe mwamuna amene anali atawatumapo kanthu. Mawa lake anabweranso, alibe chilichonse chowonongeka.

Kuyambira pamenepo ankabwera pafupifupi masana onse tikaweruka. Bambo anawaphunzitsa bawo, ndipo ankawadya mopanda chisoni. "Aphunzitsi, masamu aja mwawatsekera mu ofesi, eti?" ankatero bambo akukokolola nkhomo. Aphunzitsi ankayankha ndi Chinyanja chawo cha m'buku, chowongoka ngati cha mlaliki, bambo n'kuthirako Chingerezi chimene anatola pa esiteti, chambiri chake chotukwana. Ankamvana. Tsiku la msika aphunzitsi ankamangirira ndowa za bambo panjinga yawo, awiriwo n'kumayenda wapansi akuikankha, ndowa zikugundana njira yonse. Anthu ankabwera kudzaona mzungu wogulitsa ndowa, ena n'kugula. Ahedi anawachenjeza kuti mphunzitsi sayenda ndi wokhoma zidebe. Iwo anathokoza malangizowo, sabata yotsatira n'kupitanso.

Amayi ankawaikira chimanga chootcha ndi maungu m'mbale, n'kubwerera kukhitchini. Moni ankapereka atagwada patali. Kupitirira apo sankalankhula nawo.

Vuto linali miyendo. Aphunzitsi sankatha kukhala pamphasa nthawi yaitali. Ankadzuka akutsimphina ndi dzanzi. N'chifukwa chake anabweretsa mpando. Koma anaukhalira tsiku limodzi lokha. Tsiku lachiwiri anati sizikuoneka bwino kuti mlendo akhale pamwamba mwini nyumba ali pansi. Anaika bawo pa chitsa, anavundikira chidebe n'kukhalapo, bambo n'kuwakhazika pampando. "Eni nyumba pampando," ankatero, ndipo anazolowera kunena mawu amenewa tsiku lililonse ngati moni. Poyamba bambo ankakhala m'mphepete mwake, ngati munthu wodikira jekeseni. Patapita masabata anayamba kutsamira, mwendo wina uli pamwamba pa unzake. Aphunzitsi akangochoka, amayi ankaupinda msanga mpandowo n'kuulowetsa kuseri kwa chitseko.

Tsiku lina atsibweni anatulukira masewera ali pakati. Ankafuna bambo akaone goli la ng'ombe limene linang'aluka. Bambo anayamba kudzuka. Aphunzitsi anawagwira paphewa n'kuwauza kuti akhale, amalize kaye dzanja lawo, kenako anatembenukira kwa atsibweni, kuwapatsa moni wabwino n'kuwalozera mphasa, monga umachitira ndi munthu woyandikana naye nyumba. Bambo anakhala. Atsibweni sanakhale pamphasa. Ananjuta, anayang'ana bawo kanthawi, anayang'ana mpando, n'kunena kuti za goli adzabweranso. Ine ndinali pomwepo ndikutongolera tambala wanga chimanga, ndipo ndinangoona kuti khosi la bambo lanyowa thukuta.

Tambalayo ndimutchule. Anali wofiira, lipombo lake lopendekera mbali imodzi. Ndinamulera kuyambira ali mwanapiye wosiyidwa ndi make, ndikumugoneka m'lichero pafupi ndi mutu wanga. Ankanditsatira mpaka panjira ya kusukulu. Pa zinthu zonse za pakhomopo, ndi yekhayo amene anthu ankati ndi wanga.

Mwezi wa Malichi aphunzitsi anadwala malungo. Kusukulu sanaoneke, ndipo aliyense ankayesa kuti wina akuwasamala. Bambo ndiwo anapita, anakankha chitseko, anawapeza akunjenjemera m'bulangete lonyowa, m'ndowa mulibe ndi dontho lomwe la madzi. Anakaitana asisitere a kuchipatala, kenako anakhala nawo mpaka malungo atatsika, akuwamwetsa phala la amayi. Fodya wa atsibweni anadikira. Atachira, aphunzitsi anayamba kuwaitana bambo kuti achimwene. Ankafika mpaka kuchigafa kudzaphunzira kusoka fodya ndi kumupachika pa mikangala, manja ali bii ndi phula, misozi ikutuluka ndi utsi. Anationetsa zithunzi za kwawo: nyumba yokwiririka ndi chisanu choyera, ndi bambo awo ali pa thirakitala. Anati kwawo munda ndi wa bambo, dzina ndi la bambo, ndipo mwana akafuna kupita kutali amapempha bambo. Bambo anga anachigwira chithunzicho nthawi yaitali.

Ine ndinali mu Sitandade 7. Masamu ndinkawadziwa, sindikudzitama, ndikunena zimene zinalipo. Sukulu yathu inkathera pomwepo. Wofuna Sitandade 8 ndi mayeso opitira ku sekondale ankayenera kupeza malo ku sukulu yogonera komweko cha ku Namitete, ndipo malowo anali ovuta. Aphunzitsi anapitako okha kukandipemphera. Kumeneko anavomera kuti ndikayambe Pasaka akangotha kuti ndizolowere, ndipo mpingo wa kwawo kwa aphunzitsi unalonjeza kundithandiza pa zonse. Chotsala chinali chimodzi, kuti kholo livomere.

Aphunzitsi anafunsa bambo. Anafunsa masana, bawo lili pakati, bambo ali pampando. Amayi anali pakhomo la khitchini akusadzula nkhwani. Yankho loyenera aliyense ankalidziwa, ngakhale ine: zikomo, tikawauze kaye eni mbumba. Bambo anayang'ana kukhitchini, anayang'ana ine, anayang'ana mnzawo amene ankadikira akumwetulira pa chidebe. Kenako anati, "Mwanayu ndi wanga. Apita." Anagwirana chanza. Manja a amayi anaima m'lichero.

Aphunzitsi atachoka amayi sanakalipe. Anangowauza bambo kuti m'mawa apite kwa atsibweni akaifotokoze nkhaniyo ngati pempho, isanamveke kwina. Bambo anati apita. Kutacha anati ali ndi ndowa ya munthu yoti amalize. Tsiku linalo anati mutu. Amayi akanatha kupita okha, koma kutero kunali kuwavula bambo pamaso pa mlongo wawo, ndiye anadikira. Ine ndinkadabwa, chifukwa nyumba ya atsibweni inali pafupi, ukaitana amamva. Lero ndikudziwa kutalika kwake. Kupita kumeneko kunali kukagwada n'kupempha chinthu chimene anali atapereka kale ndi chanza.

Lamulungu la Kanjedza, Misa itatha, ansembe anati aphunzitsi ali ndi uthenga wabwino. Aphunzitsi anaima kutsogolo, kanjedza ali m'manja, n'kulengeza m'Chinyanja chimene anachikonzekera bwino kuti mnyamata wa pasukulu yathu wapeza malo ku Namitete. Ananditchula dzina. Kenako anathokoza mnzawo wapamtima, achimwene awo, amene avomera kupereka mwana wawo kuti akaphunzire, ndipo anawapempha kuti aimirire anthu awaone. Bambo anaimirira. Anthu anaomba m'manja, koma mitu yonse inali itatembenukira kumene kunakhala atsibweni. Atsibweni nawonso ankaomba, pang'onopang'ono, kanjedza atamupanira kukhwapa.

Atsibweni anadikira kuti Sabata Yoyera ithe. Anapita ku Njira ya Mtanda, anapita ku Misa ya Pasaka. Lolemba lake anandiitana. Anati mnyamata woweta ng'ombe wabwerera kwawo, ndipo moto wa m'chigafa ukufuna munthu wa maso. Kuyambira tsiku limenelo ndizigona kwawo. Za Namitete sanatchule. Ndinakulunga mphasa yanga n'kupita. Panalibe choti ndifunse.

Ntchito ya m'chigafa ndi ya munthu wopirira. Moto suyenera kuyaka, suyeneranso kuzima, ukhale ukungofuka. Ukawala umauthira masamba aawisi. Utsi umalowa m'tsitsi, m'malaya, pakhosi, mpaka malovu amatuluka akuda. Ndinali kuseri kwa chigafako ndikuwaza nkhuni pamene bambo anabwera. Atsibweni anawalandira bwino, anawafunsa za chifuwa chawo.

"Alamu, ndinamva kutchalitchi kuti muli ndi mwana woti apite ku Namitete," anatero atsibweni. "Ndinakondwa. Mubwere naye tsiku lina ndidzamuone."

Bambo anati analakwa, zinangochitika mofulumira.

"Simunalakwe. Munthu amapereka chake. Anu ali ku Mulanje, ana a mlongo wanu. Amenewo mupatseni mzungu, palibe adzakufunseni. Ali kuseriyu ndi wa pano."

Bambo anabwerera chipewa chili m'manja, ndipo sanachivale mpaka anakhota pa nkhokwe.

Aphunzitsi sankadziwa chilichonse. Anabwera ndi bulangete latsopano ndi kabokosi kachitsulo koti ndikaikemo zovala. Bambo anati ndatumidwa kwina. Anabweranso, bambo anati ndikudwala pang'ono, n'kupitiriza kukhoma ndowa mwamphamvu kuti pasakhale mpata wa funso lina. Ulendo wotsatira bambo atamva belu la njinga analowera kumunda. Amayi ndiwo anatsala. Zimene zinachitika anandiuza okha patapita zaka. Anagwada patali monga mwa masiku onse, n'kumufotokozera mlendoyo, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana, kuti kuno mwana ndi wa yani ndipo womufuna amagogoda kuti. Aphunzitsi anakhala pansi pa dothi. Anafiira mpaka m'makutu.

"Nanga achimwene sanandiuze bwanji?" anafunsa.

"Munawafunsa ali pampando," anatero amayi.

Sindikudziwa ngati anamvetsa. Anafunsa choti achite. Amayi anati munthu akalakwira mkulu sapita chimanjamanja, amanyamula nkhuku. Aphunzitsi anafuna kukagula ku mishoni. Amayi anati ayi, nkhuku ichokere pakhomo pamene pachokera mlandu. Thadzi lathu linali likufungatira mazira. Amayi anagwira tambala wanga.

Anabwera Loweruka masana. Ine ndinawaona ndili pakhola. Kutsogolo kunali aphunzitsi, tambala atamufukata pachifuwa ngati khanda, buluku lawo loyera litaipitsidwa kale ndi zitosi. Pambuyo pawo amayi. Kumapeto bambo, mpando wopinda uli paphewa. Palibe anawauza kuti autenge. Anautambasula pabwalo la atsibweni, unalira kalilidwe kake kaja, anaupukuta ndi chipewa, n'kubwerera m'mbuyo kukakhala pa dothi. Atsibweni anauyang'ana, n'kukhalapo. Aphunzitsi anapinda miyendo yawo yaitali pafupi ndi bambo.

Analankhula bwino, ndiwapatse ulemu wawo. Anati iwo ndi mlendo, sanadziwe khomo loyenera, akupepesa. Anati cholakwa ndi chawo, chisagwere mwana. Anati mutu ngati wanga sanauonepo pasukulupo, ndipo kuusiya kuchigafa n'kuutaya. Ine ndinamva zonsezi ndili kuseri kwa ng'ombe, koma maso anga anali pa tambala, amene tsopano anali m'manja mwa akazi a atsibweni.

Atsibweni anathokoza. Anati aphunzitsi alibe nawo mlandu, chifukwa pafupi nawo tsiku lililonse panali munthu wodziwa mwambo amene akanawauza. Bambo ankayang'ana nyerere. Kenako atsibweni anafunsa, "Kodi aphunzitsi, kwanu mubwerera liti?"

Aphunzitsi anati chaka chikamatha.

"Chabwino. Ndiye mwanayu akadwala ku Namitete inu muli ku Amereka, akamutenge ndani? Mpingo wanuwo ukatopa, abwerera kwa yani? Inu muli ndi kwanu. Alamu angawa nawonso ali ndi kwawo. Wopanda kwina kopita ndine."

Kenako atsibweni anati nkhaniyi aimva, ndi yabwino, koma chaka chino fodya wachuluka. "Tidzaona chaka chamawa." Nkhope ya aphunzitsi inawala. Anadzuka n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Pabwalo lonselo, iwo ndi ine ndife tokha amene tinakhulupirira.

Tambala anaphedwa tsiku lomwelo, kuti mlandu uthere pa chakudya. Ndinamva kulira kwake kuseri kwa nkhokwe, kenako fungo la nthenga zowauka. Nthutumba anapatsa aphunzitsi, monga mlendo wolemekezeka, ndipo iwo anaidya akumwetulira. Ine anandiikira mwendo. Ndinaukana. Atsibweni anandiyang'ana kamodzi, ndinaudya. Pobwerera bambo sanautenge mpando, ndipo palibe anautchulanso.

Bawo linapitirira, koma pamphasa. Bambo analeka kunyoza. Anayamba kuwalekera aphunzitsi kuti apambane, ndipo aphunzitsi, amene tsopano ankalidziwa bawo, anazindikira. Mawu akuti achimwene anayamba kumveka mwa apo ndi apo. Masiku obwera anatalikirana. Madzulo ndikamabweza ng'ombe ndinkawaonanso pakhonde lawo, tsopano atakhala pansi pa sitepe, wayilesi ili pambali. Ankandikodola n'kundipatsa masamu angapo kuti mutu usachite dzimbiri. Ndinkawawerengera kubusa, pamchenga, ndi kamtengo.

Fodya atagulitsidwa, nthawi ya chisanu, bambo anati akukafuna ntchito ku maesiteti a ku Mchinji. Anatenga nyundo, sizasi ya malata ndi bulangete lawo. Anandigwira pamutu n'kundiuza kuti ndizimvera atsibweni. Amayi anawaperekeza mpaka padambo. Njira imadutsa pafupi ndi sukulu, koma kwa aphunzitsi sanapatuke. Ku Mchinji sanakhalitseko. Tinamva patapita zaka kuti anafika kwawo ku Mulanje, analera ana a mlongo wawo, ndipo ankati anali munthu wovuta, wosalola kuti bambo a anawo alankhulepo kanthu. Anamwalira komweko. Uthenga unatipeza ataikidwa kale.

Chaka chikutha, mvula yoyamba itagwa, aphunzitsi anabwera kudzatsanzika akukankha njinga. Anati aisiyira achimwene, akabwera tidzawapatse. Inakhala pakhonde mpaka matayala anaphwa, kenako atsibweni anaipopa n'kuyamba kukwera popita ku Kasiya. Kwa ine anati ndisaiwale, chaka chamawa, a ku Namitete anawauza kale. Ndinavomera. Anandigwira chanza ngati munthu wamkulu, n'kutsika wapansi kudutsa dambo, nsapato zili m'manja. Sindinawaonenso.

Chaka chamawa fodya anachulukanso.

Atsibweni sindiwada. Anandiphunzitsa ntchito, ndipo sindinagonepo ndi njala m'manja mwawo. Atamwalira, ng'ombe, ngolo ndi chigafa zinagwera ine monga mwa mwambo, ndi mpando womwe. Ndakhala mwini mbumba zaka zambiri. Ana a alongo anga onse anapita kusukulu, ena ndi aphunzitsi. Sindinapemphepo kanthu kwa munthu, ndipo zolemba zanga ndimalemba ndekha. Koma ndisanalowe m'malo mwa atsibweni ndinakhalaponso mkamwini cha ku Nsaru, kumbuyo kwa anthu pa maliro ndi pa milandu. Kumeneko ndi kumene ndinamvetsa chimene mnyamata wa ku Amereka uja ankawapatsa bambo masana aliwonse osadziwa, ndi chifukwa chake bambo anaunyamula okha mpandowo paphewa. Aphunzitsi sanalakwe pofuna mnzawo. Koma pamudzi ponse anasankha munthu amene anali mlendo ngati iwo.

Chaka chimenecho ndinataya zinthu zinayi: sukulu, aphunzitsi, bambo ndi tambala. Mukanandifunsa pa nthawiyo ndikanatchula tambala yekha, chifukwa ndi amene ndinamumva akuphedwa. Zitatu zinazo ndinkayesa zibwera chaka chamawa.